Mestrado ya zamagetsi: ndipite tsopano kapena ndiyambe ndagwira ntchito?

Funso la mestrado, digiri yachiwiri ya kuyunivesite (masters), lachokera kwa mnyamata wa ku Domwe, m'boma la Angónia. Anamaliza licenciatura (digiri yoyamba) ya Engenharia Eléctrica, uinjiniya wa zamagetsi, ku Songo chaka chatha, ndipo pano ali pa ntchito ya kontalakiti ku Moatize, kukoka makebulo ndi kumanga ma quadro (mabokosi ogawira magetsi). Akuti: "Anzanga awiri apita kukachita mestrado, wina ku Maputo, wina ku Portugal, ndipo ine ndikuona ngati ndikutsalira. Kodi ndisiye ntchito ndipite? Ndipite kuti, ndipo nditenge mbali ya mphamvu kapena electrónica? Ndalama ndilibe, kwathu timadalira mbatatesi."

Achimwene, musasiye ntchito chaka chino. Ndikutero chifukwa m'kalata yanu yonse mulibe funso la zamagetsi ngakhale limodzi. Mwatchula anzanu, mwatchula maiko, mwatchula ndalama, koma simunandiuze chimene chinakuzunguzani mutu pa ntchito yanuyo, chimene munafunsa akuluakulu nkusowa wokuyankhani. Pa licenciatura munkaphunzira zimene ena anazipeza kale, ndipo mayankho ake anali m'buku. Mestrado nthawi zambiri ndi ya zaka ziwiri. Chaka choyamba chimafanana ndi zomwe mukuzidziwa, makalasi ndi mayeso, kungoti masamu ake ndi olemera. Chachiwiri ndi cha dissertação, kafukufuku wanu wolemba, ndipo kumeneko mumakhala nokha ndi funso lanu, orientador, mphunzitsi wokutsogolerani, akungokuonani mwa apo ndi apo. Anthu ambiri amene ndawaona akulephera kumaliza anakhoza bwinobwino makalasi onse. Anakamira pa dissertação, chifukwa anatola mutu umene mphunzitsi anawaponyera, mutu umene iwo eni sunawakhudze, ndipo patapita miyezi ingapo analibenso chowadzutsa m'mawa.

Mwayi wanu ndi wakuti mukukhala m'chigawo chimene mafunso a zamagetsi ali mbwee. Munaphunzira ku Songo, ndiye Cahora Bassa mukuidziwa ndi maso: majenereta asanu a 415 MW iliyonse, onse pamodzi 2,075 MW. Koma chimene chimachititsa kuti dzina la Songo lizipezeka m'mabuku a mainjiniya a kunja si damu lokha. Ndi nthambo za HVDC, zonyamula magetsi okwera kwambiri a DC, zochoka pa Songo kukafika ku Apollo, kufupi ndi Johannesburg, mtunda wopitirira makilomita 1,400, pa ±533 kV. Majenereta amapanga magetsi a AC (osinthasintha mbali) a 50 Hz, pa Songo amawasandutsa DC (oyenda mbali imodzi) pogwiritsa ntchito ma thyristor, maswichi a electrónica, ndipo akafika ku Apollo amawabwezanso ku AC kuti alowe m'nthambo za Eskom, kampani ya magetsi ya ku South Africa. Anasankha DC chifukwa pa mtunda wotere AC imavuta: nthambo yokhayo imayamba kudya mphamvu ya reactive, imene imadzaza nthambo koma siigwira ntchito, ndipo kusunga mbali ziwirizo zikuyenda mogwirizana kumakhala kovuta. Nthambozi zinayamba kugwira ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nsanja zake zambiri zinagwetsedwa nthawi ya nkhondo, ndipo zinadzabwereranso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2007 dziko la Mozambique linatenga gawo lalikulu la HCB, kampani yoyendetsa Cahora Bassa, kuchoka m'manja mwa Portugal. Kuyambira pamenepo, kusowa kwa munthu wa kuno womvetsa makinawa mpaka mkati ndi vuto lathu, osati la Lisbon.

Tsono taonani zimene zili m'nthambo imodzi yomweyo. Ma converter, makina osandutsa AC ndi DC aja, amatulutsa ma harmonic, mafunde osafunika odetsa magetsi, ndiye pamafunika masefa owachotsa. Moto wa m'tchire ukayaka pansi pa nthambo m'chilimwe, utsi ndi malawi zimafooketsa mpweya umene umatchinga magetsi, ndipo magetsi amadumphira pansi. Fumbi likamata pa ma isolador, zotchinga magetsi pakati pa nthambo ndi nsanja, nkugwa kamvula kowaza, zimachitikanso chimodzimodzi, ndipo DC imakoka fumbi kuposa AC. Chilichonse mwa izi ndi dissertação payokha. Onjezanipo nthambo ya 400 kV yochoka ku Matambo kupita ku Phombeya m'boma la Balaka, ya makilomita pafupifupi 218, imene cholinga chake ndi kulumikiza Malawi ku SAPP, mgwirizano wa zamagetsi wa maiko a kum'mwera kwa Africa umene unakhazikitsidwa mu 1995. Maiko awiri akalumikizana, vuto la mbali imodzi limamveka mbali inayo, ndipo pamafunika munthu wodziwa kuwerengera kuti chitetezo chizime chiyani ndi kusiya chiyani. Kunsi kwa Cahora Bassa, makilomita pafupifupi 60, kuli pulani ya damu la Mphanda Nkuwa ya 1,500 MW. Chilala cha 2024, chimene chinatsitsa madzi ku Kariba ndi ku Cahora Bassa, chinakumbutsa aliyense kuti Zambezi nayenso amatopa, ndiye funso la kuphatikiza madzi ndi dzuwa silinso la m'kalasi.

Izi zikundifikitsa pa funso lanu la mphamvu kapena electrónica. Mpanda umene mukuuona pakati pa ziwirizi ndi wa pa ndandanda ya maphunziro chabe. Pa Songo, chimene chimanyamula ma megawatt onsewo ndi electrónica. Malo opangira magetsi a dzuwa monga a ku Mocuba, a 40 MW, amalowa m'nthambo za EDM, kampani ya magetsi ya boma, kudzera m'ma inverter, makina osandutsa DC kukhala AC. Ma relay, amene amadula magetsi pakachitika vuto, masiku ano ndi makompyuta olankhulana motsatira muyezo wa IEC 61850, ndipo ku migodi kumene muliko malamba onyamula malasha amayendetsedwa ndi ma PLC, timakompyuta tolamulira makina, ndi ma variador, osintha liwiro la mota. Choncho ine ndikanakhala inu, ndikanayang'ana pamene ziwirizi zimakumana: electrónica de potência, chitetezo ndi automação, kapena kulumikiza magetsi a dzuwa ndi mabatire ku nthambo zikuluzikulu. Electrónica yeniyeni ya kupanga ma chip ndi maphunziro okongola, koma ndikuuzeni mosabisa kuti mafakitale ake kuno kulibe. Mukaitenga, dziwani kuti mwasankhanso kukakhala kunja, kapena kukhala mphunzitsi. Si zoipa, bola muzisankhe mukudziwa.

Musaganize kuti funso labwino liyenera kukhala la ma megawatt. Tengani chigayo cha kwanu ku Domwe. Mota ya 15 kW pa 400 V imakoka pafupifupi 30 A ikamagaya. Koma poidzutsa mwachindunji imakoka kasanu mpaka kasanu ndi kawiri kuposa pamenepo, ndiye kwa masekondi angapo mukunena zopitirira 150 A. Ngati chigayocho chili kumapeto kwa nthambo yaitali, pa thiransifoma yaing'ono, mababu a mudzi wonse amachita ngati akuphethira, mafiriji a m'magolosale amadandaula. Kudzutsa ndi estrela-triângulo, njira yodzutsa mota pa masitepe awiri, kumatsitsa mphamvuyo kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu, koma mota imadzukanso mofooka, ndipo wachigayo akasiya chimanga m'kati imakana. Tsopano chichotseni chigayocho pa EDM, muchiike pa kagiridi ka sola ngati timene a FUNAE, bungwe la boma lofikitsa magetsi kumidzi, amaika m'midzi. Inverter siili ngati jenereta yaikulu imene imapirira kukokedwa. Imalola pang'ono pamwamba pa mlingo wake, kenako imadzizimitsa kuti isapse, mudzi wonse mdima. Kodi njira yotsika mtengo ndi iti: kugula inverter yaikulu, kuika variador pa mota, kapena kusintha maola ogayira kuti agwirizane ndi dzuwa? Munthu amene wayeza zimenezi pa zigayo zenizeni, ndi manambala ake m'manja, ali ndi chinthu chimene pulofesa wa ku Porto kapena ku Stellenbosch alibe, ndipo adzafuna kumumvera.

Kutentha kwa Tete nakonso ndi funso. Panelo ya sola imayesedwa pa 25 °C, ndipo digiri iliyonse yopitirira pamenepo imadya pafupifupi 0.4 peresenti ya mphamvu yake. Mu Okutobala, mpweya ukadutsa 40 °C, panelo yokhayo imatha kufika 65 °C, ndiye mwataya kale pafupifupi 16 peresenti fumbi la malasha musanaliwerengere. Thiransifoma nayo, malinga ndi IEC 60076-7, pepala lake lotchinga limakalamba mofulumira kawiri pa madigiri 6 aliwonse opitirira 98 °C pa malo ake otentha kwambiri. Zipangizo zambiri zimene mukumanga zinapangidwira maiko ozizira. Gulani kabuku, muzilemba chilichonse chimene chapsa, tsiku lake, katundu amene chinanyamula ndi kutentha kwa tsikulo. Pakatha chaka, kabukuko kadzakuuzani mutu wa dissertação.

Za kopita, yambani ndi munthu, yunivesite ibwere pambuyo. Mestrado ya kafukufuku imayenda kapena kufa ndi orientador. Funani amene walemba za vuto lofanana ndi lanu m'zaka zaposachedwa, werengani pepala lake limodzi mpaka kulimvetsa, kenako mulembereni kalata yaifupi: ndine wakuti, ndimagwira ntchito yakuti ku Tete, ndaona vuto ili, ndili ndi miyezo iyi, ndawerenga zimene munalemba ndipo funso langa ndi ili. Makalata oyamba ndi kutamanda yunivesite nkumaliza ndi kupempha bolsa, thandizo la ndalama za sukulu, amalandira ambirimbiri, ndipo sawayankha. Musanavomere, funsani ophunzira ake akale ngati amawerenga zimene wapatsidwa, komanso ngati labotale yake ili ndi zipangizo zoyaka kapena zongojambulitsa.

Ku Maputo kuli Faculdade de Engenharia ya Universidade Eduardo Mondlane, ndipo ubwino wophunzira m'dziko mwanu ndi woti chinenero ndi chomwecho, mapepala anu safuna kumasulira, ndipo aphunzitsi akuidziwa EDM ndi HCB. Afunseni kuti chaka chimenecho atsegula mestrado iti, chifukwa si maphunziro onse amene amatsegulidwa chaka chilichonse, ndipo pa sukulu iliyonse ya kuno onetsetsani kuti maphunzirowo ndi ovomerezedwa ndi CNAQ, bungwe la boma lounika maphunziro apamwamba. Kuipa kwake ndi koti Maputo ndi kutali ndipo moyo wake ndi wodula, komanso ambiri amaphunzira madzulo atatopa ndi ntchito, dissertação nkumakokeka.

Pa nkhani ya mphamvu, ine mtima wanga uli ku South Africa, chifukwa mbali ina ya nthambo ya ku Songo ili kwawo ndipo mavuto ake akhala akuwafufuza kwa zaka zambiri. University of KwaZulu-Natal ku Durban inadziwika ndi kafukufuku wa HVDC mothandizidwa ndi Eskom, Wits ndi yamphamvu pa magetsi okwera ndi mphezi, Stellenbosch pa magetsi a dzuwa ndi mphepo komanso makina amagetsi, ndipo kulinso Cape Town ndi Pretoria. Chifukwa cha pangano la SADC la zamaphunziro la 1997, wophunzira wa ku Mozambique amalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko, ngakhale sukulu zina zimawonjezera kandalama ka alendo. Koma pali khomo limodzi limene limadabwitsa anthu: digiri yanu iyenera kuyamba yaunikidwa ndi SAQA, bungwe lawo loika madigiri pa milingo. Akaiika pa mlingo 8, mukhoza kupempha mestrado, imene ili pa mlingo 9. Akaiika pa 7, mudzayamba mwachita chaka cha honours kapena diploma. Ku Pretoria, ngakhale eni dziko amadutsa pa honours asanalowe MEng. Kuunikako kumatenga nthawi, mapepala ayenera kumasuliridwa ndi tradutor ajuramentado, womasulira wolumbiritsidwa, ndipo chaka cha sukulu kumeneko chimayamba mu Febuluwale, ndiye amene amayamba kuthamanga mu Disembala wachedwa kale.

Portugal ndi Brazil zili ndi ubwino wa chinenero. Ku Portugal mestrado ndi ya zaka ziwiri, ndipo Instituto Superior Técnico ku Lisbon ndi FEUP ku Porto ndi sukulu zolimba. Brazil anthu a kuno amaiiwala, koma ndi dziko la madamu akuluakulu ndi nthambo zazitali za DC, kuyambira ya ku Itaipu ya ±600 kV, ndipo ndi lotentha ngati kwathu kuno. Unicamp, USP ndi COPPE ya ku Rio de Janeiro ndi mayina oyenera kuwayang'ana, ndipo boma lawo lili ndi pulogalamu ya PEC-PG yothandiza ophunzira a maiko ngati lathu. Ku Kigali kuli Carnegie Mellon University Africa, imene ili ndi masters ya Electrical and Computer Engineering, yoyenera munthu wopendekera ku makompyuta ndi mauthenga. Malawi ndi pafupi, mungodutsa pa Calómuè kapena pa Zóbuè, ndipo MUBAS, imene kale inali Polytechnic ku Blantyre, imaphunzitsa zamagetsi. Kumeneko Chichewa chidzakuthandizani pamsika ndi pa lendi, koma m'kalasi ndi Chingerezi chokhachokha. Kulikonse kunja kumene mungapite, pobwera digiriyo idzafunika equivalência kuno, kutanthauza kuivomereza kuti ikufanana ndi ya kuno, ndiye sungani pepala lililonse.

Ndalama. Mestrado ya uinjiniya musalipire ndi mbatatesi za makolo, ndipo musawagulitsitse ng'ombe. Mitengo ya mbatatesi mukuidziwa mmene imagwera nthawi yokolola, ndipo kumbuyo kwanu mwina kuli azing'ono anu ofunanso sukulu. Njira zilipo. Boma lili ndi Instituto de Bolsas de Estudo, kumene kumadutsa ma bolsa ambiri a maiko ena. Portugal imapereka kudzera ku bungwe lake la Camões. Popeza Mozambique inalowa mu Commonwealth mu 1995, muli ndi ufulu wopempha ma bolsa a Commonwealth, ndipo palinso Chevening ya ku Britain, DAAD ya ku Germany ndi Erasmus Mundus. Onani apa: Chevening imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka ziwiri, ndipo mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri. Ndiye ntchito ya ku Moatize imene mukuiona ngati ikukuchedwetsaniyo ndi imene ikukutsegulirani khomo. Njira ina, imene ambiri saidziwa, ndi ndalama za kafukufuku zimene orientador mwiniwake amakhala nazo kuchokera ku makampani. Pulofesa akakufunani, amatha kukulipirirani fizi ndi kukupatsani kangachepe ka mwezi. Funsaninso kuntchito kwanu, chifukwa makampani ena amalipirira antchito awo nkuwamanga kuti adzagwire zaka zingapo pobwera. Werengani mgwirizanowo musanasaine. Ndipo kalata yosiya ntchito muilembe pokhapokha kalata ya bolsa ili m'manja, yosainidwa, yonena ndalama zake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pali zinthu ziwiri zoti muyambe mwezi uno, chifukwa sizifuna chilolezo cha munthu. Choyamba ndi Chingerezi. Ife a m'malire timadzinamiza kuti timachidziwa chifukwa timamva wailesi za ku Malawi ndi kugula katundu pa Lizulu. Chingerezi cha mapepala a IEEE, bungwe la mainjiniya a zamagetsi a padziko lonse, ndi china, ndipo ngakhale mupite ku Porto kapena ku Campinas, mapepala ambiri amene mudzawerenge adzakhala a m'Chingerezi. Sukulu zambiri zimafuna 6.5 pa mayeso a Chingerezi a IELTS, ndipo mbali imene imagwetsa anthu athu ndi yolemba. Werengani pepala limodzi la kafukufuku sabata iliyonse, mulifupikitse pa tsamba limodzi m'mawu anu. Chachiwiri ndi masamu ndi kompyuta. Bwererani ku ma matrix, Laplace ndi Fourier, componentes simétricas ndi por unidade, mpaka muthe kulemba nokha kapulogalamu ka fluxo de potência ka Newton-Raphson ka giridi ya malo atatu olumikizirana nthambo. Chitani ndi Python, ndi yaulere. Mapulogalamu monga MATLAB, PSCAD ndi DIgSILENT PowerFactory mudzawapeza kusukulu, ndipo munthu womvetsa masamu ake amawaphunzira msanga. Amene amangodziwa podina amakhulupirira chilichonse chimene kompyuta yatulutsa, ngakhale thiransifoma ikuonetsa kuti ikupanga yokha mphamvu.

Mungafunse kuti mestradoyo idzakupatsani chiyani. Pa ntchito ya kumanga ndi kukonza, malipiro kawirikawiri sakwera tsiku limene mwabwera ndi chipewa. Kumeneko amayang'ana zaka zimene mwagwira, ntchito zimene mwamaliza, ndi kulembetsa kwanu ku Ordem dos Engenheiros de Moçambique, chimene muyenera kuchita mosayembekezera mestrado. Kumene imagwira ntchito ndi ku maofesi a mapulani ndi kafukufuku wa giridi, ku chitetezo, ku makampani a upangiri, kwa oyang'anira malamulo a zamagetsi monga ARENE, ndi kuuphunzitsi, kumene popanda iyo simupita patali ndipo doutoramento (PhD) simungaiyambe. Ngati chimene mukufuna ndi kukwera msanga pa ntchito imene muli nayo, kosi yaifupi ya ma relay, ya PLC kapena ya kuyang'anira mapulojekiti ikhoza kukupindulirani kuposa zaka ziwiri za kusukulu. Izi aphunzitsi anzanga sakonda kuzimva, koma ndi zoona.

Chenjezo limodzi pa miyezo ija. Manambala a pa ntchito ndi a kampani, si anu. Ndinaonapo wophunzira wina atamanga dissertação yonse pa zimene anakopera pa kompyuta ya kuntchito, ndipo atatsala pang'ono kukaiteteza, mabwana ake anakana kuti zisatuluke. Anayambiranso ndi manambala ongopeka a m'buku, ntchito yonse nkuzizira. Pitani kwa mkulu wanu panopa, mumuuze zimene mukufuna kuyeza ndi phindu limene kampani idzapeze, ndipo chilolezocho chikhale cholembedwa, chonena zimene mungasindikize ndi zimene muyenera kubisa dzina. Akakana, pitani ku zigayo za kwanu ndi alicate amperímetro, kachipangizo koyezera magetsi amene mota ikukoka. Wachigayo sadzakufunsani kalata, angofuna mumuuze chifukwa chimene mota yake imatenthera.